Gitala, Nkhwangwa ndi Kondaine ku Philippines

Kale m'midzi ya ku Philippines, mnyamata akaona mbeta sankangoiimitsa panjira. Usiku ankapita ndi anzake pansi pa zenera la namwaliyo n'kumuimbira nyimbo zachikondi, gitala ili m'manja. Mwambowu umatchedwa harana, ndipo unakula m'nthawi ya ulamuliro wa Spain, umene unatha m'chaka cha 1898. Namwali akatsegula zenera, mnyamata ankaitanidwa m'nyumba kukacheza makolo ali pomwepo. Zenera likakhala chitsekere, ankabwerera kwawo chimanjamanja. Wamanyazi ankatuma mnzake wokamunenera, amene amatchedwa tulay, kutanthauza mlatho.

Nyimbo zokha sizinkakwanira. Mnyamata ankayenera kugwira ntchito kwa makolo a mtsikana: kutunga madzi, kuwaza nkhuni, kukonza nyumba ndi kulima m'munda wa mpunga, monga amachitira mkamwini. Ntchito imeneyi, yotchedwa paninilbihan, inkapatsa banja mpata woona ngati munthuyo ndi wakhama kapena wolimbika pakamwa pokha. Zonse zikayenda bwino, makolo a mnyamata ankanyamula chakudya n'kupita kukafunsira ukwati. Ulendowu umatchedwa pamamanhikan, mawu ochokera ku kukwera makwerero, pakuti nyumba zambiri zinkamangidwa pamwamba pa mizati. Harana inazilala, koma pamamanhikan mabanja ambiri amachitabe.

Nanga wokanidwa? Ena ankathamangira gayuma, amene ndi kondaine wa kumeneko. Mankhwalawa amagulitsidwa kunja kwa tchalitchi cha Quiapo mumzinda wa Manila. Pachilumba cha Siquijor, asing'anga amasonkhanitsa mizu, makungwa ndi masamba m'nyengo ya Lenti, ndipo amazisakaniza ndi mafuta a kokonati Loweruka loti mawa lake ndi Pasaka. Ogula amakhulupirira kuti akadzola, kapena akathira m'chakumwa cha munthu, mtima wake utembenuka.

Apa ndiye pagona nkhani. Woimba harana ndi wowaza nkhuni ankasiya chisankho m'manja mwa mtsikana ndi abale ake. Mwini kondaine amafuna kulanda chisankhocho mwakabisira. Palibe umboni woti mankhwalawa amabala chikondi, pamene mizu yosadziwika yothiridwa m'chakudya ikhoza kudwalitsa munthu.

Malamulo a dzikolo ali kumbali ya zenera lija. Lamulo la mabanja la 1987 limati ukwati umangidwe pokhapokha onse awiri avomera mwaufulu ndipo akwanitsa zaka 18. Amene sanafike zaka 21 amafunikanso chilolezo cha makolo. M'chaka cha 2021 dzikolo linakhazikitsa lamulo lina loti kukwatitsa mwana ndi mlandu.

Alangizi a achinyamata ali ndi funso labwino loyezera mwambo uliwonse wa chibwenzi, wakale kapena watsopano: kodi wofunsiridwayo ali ndi ufulu wosiya zenera chitsekere?