Nkhawa ya mwana wa sukulu ili ndi eni ake ambiri

Tsiku lotsekera teremu, m'sukulu zambiri za ku Malawi ndi kum'mawa kwa Zambia, ana amasonkhana pansi pa mtengo kuti amve zotsatira za mayeso. Mphunzitsi amayamba ndi nambala wani, anthu n'kuwomba m'manja, kenaka amatsika mpaka kwa womalizira, amene mphoto yake ndi phwete la anzake. Mwana ameneyu akayamba kudandaula mutu m'mawa uliwonse teremu yotsatira, akulu amati ndi ulesi.

Masiku ano kukumveka mawu akuti sukulu iliyonse ikhale ndi mphunzitsi wopereka uphungu. Ganizoli ndi labwino, koma lili ndi msampha. Nkhawa ikapatsidwa kwa munthu mmodzi, ena onse amasamba m'manja. Mlangizi atonthoze mwana mmawa, masana mwana yemweyo akwapulidwe chifukwa chochedwa, kapena apatsidwe chibalo chokumba dzenje chifukwa walankhula Chichewa pabwalo la sukulu: uphunguwo wapita kuti?

Mantha amaphikidwa ndi sukulu yonse. Amachokera ku chikwapu, ku njala ya mwana wobwera osadya, ku chimbudzi chopanda chitseko chimene mtsikana wotha msinkhu amachiopa, ndi ku mayeso a Sitandade 8 a MANEB amene aphunzitsi ena amawatchula ngati tsiku la chiweruzo. Motero mankhwala ake ali m'manja mwa mphunzitsi wamkulu, komiti ya sukulu, gulu la amayi, mafumu, ngakhale amayi ophika phala, amene nthawi zambiri ndiwo amayamba kuona mwana amene wasiya kuseka.

Ena adzati akatswiri a matenda a maganizo ndi ochepa, ndipo sakunama. Koma ku Harare, Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kumvetsera anthu osautsika mumtima atakhala pa benchi kunja kwa chipatala, ntchito imene imadziwika kuti Friendship Bench. Ngati agogo anatha, mphunzitsi wa Sitandade 5 angalephere bwanji?

Pali zina zofuna ndalama: makalasi, zimbudzi, aphunzitsi owonjezera. Ana amene anapulumuka Namondwe Freddy mu Malichi 2023, nabwerera m'makalasi omwe anali misasa ya anthu othawa madzi, amafunikanso thandizo loposa apa. Koma kupereka zotsatira kwa mwana aliyense papepala lake, m'malo moziitana pagulu, sikulira ngakhale tambala imodzi, ndipo mphunzitsi wamkulu akhoza kulamula zimenezi teremu ino.