Tsabola wakale sawawa? Kafunseni a Earth

Abale anzanga a pamsika, sabata ino tasiyani kaye za mitengo ya katundu, tikambeko za oyimba a ku America. Musathawe ayi. Nkhaniyi ndi ya magitala, koma mukaimvetsa bwino mupeza kuti ikukhudzanso benchi yanu.

Mumzinda wa Olympia, m'chigawo cha Washington, mkulu wina dzina lake Dylan Carlson anayambitsa gulu loyimba la Earth m'chaka cha 1989. Nyimbo zawo anthu amazitcha drone. Kunena mwachidule, ndi kulira kwa gitala kokokeka, kolemera, kosathamanga, ngati chigayo cha dizilo chikamamveka patali m'bandakucha. Chimbale chawo cha 1993, Earth 2, chili ndi nyimbo zitatu zokha, koma kuti muzimalize mukhala pansi kupitirira ola lathunthu. Mulibe woyimba ndi pakamwa, mulibenso poti n'kuvina.

Nthawi imeneyo dziko linali litapenga ndi Nirvana, gulu la Kurt Cobain, yemwe anali mnzake wa ponda apa nane mpondepo wa Carlson. Earth 2 inatulukira ku kampani ya Sub Pop, yomweyo imene inatulutsa chimbale choyamba cha Nirvana, koma ogula anali owerengeka. Lero chimbale chomwecho akatswiri olemba ndemanga za nyimbo amachitchula ngati gwero la mtundu wonse wa drone metal. Gulu lotchuka la Sunn O))) linayamba ndi anyamata amene anakopeka ndi Earth. Mau a akulu akoma akagonera, eti?

Atatulutsa chimbale cha 1996, Carlson anazimirira kwa zaka zingapo, mankhwala ozunguza bongo atamugwira pakhosi. Anabwerera mu 2005 ndi chimbale cha Hex, ali ndi mayi woyimba ng'oma, Adrienne Davies. Chiphokoso chija anachichepetsa, gitala inayamba kumveka ngati ya m'mafilimu a makauboyi. Mu 2014, pa chimbale cha Primitive and Deadly, anaitana ngakhale oyimba ndi pakamwa, kuphatikizapo Mark Lanegan.

Tsono nkhani yathu yagona pa chimbale cha mu May 2019, Full Upon Her Burning Lips, chimene chinatuluka gululi litakwanitsa zaka 30, Carlson ali ndi zaka 51. Apa alendo onse anawabweza. Anatsala awiri basi, bambo pa gitala, mayi pa ng'oma. Nyimbo 10, zopanda mau, zoyenda pang'onopang'ono ngati ngolo yodzaza matumba.

Olemba ndemanga ambiri anachilandira bwino. Anayamikira kuti gululi lavula zokometsera zonse n'kusiya fupa lenileni, ndiponso kuti ng'oma za Davies zikumveka poyera. Koma panalinso odandaula kuti nyimbozo n'zofanana, ukamva zitatu wamva zonse.

Mbali zonse ziwiri ndili nazo mau.

Ndiyambe ndi oyamikira. Inu amalonda mukudziwa kuti munthu akakhalitsa pamsika amayamba kugulitsa dzina. Makasitomala salawanso, sapimanso, amangoti "kwa amayi aja n'kwabwino", ngakhale tsiku limenelo tomato wafewa. Nawonso olemba ndemanga ali ndi matenda omwewo. Gulu likakalamba, likapulumuka m'mavuto, cholembera chimafewa. Chinanso, anthu amene anagona mu 1993 katundu wabwino akudutsa amaopa kuoneka ogona kachiwiri. Ndiye ndikaona ndemanga imene theka lake ndi mbiri ya Cobain ndi ya mankhwala, ndimadziwa kuti wolembayo wagula dzina, katundu sanamutsegule.

Nanga odandaulawo? Awa akufanana ndi munthu wopita pa benchi ya usipa n'kumakalipa kuti bwanji palibe chambo. Kubwereza ndiye malonda a Earth kuyambira pa chiyambi. Amatenga kachigawo kamodzi ka nyimbo n'kumakazungulira kambirimbiri, kusintha pang'ono chabe ulendo uliwonse, mpaka khutu lako liyambe kumva tinthu timene unalumpha poyamba. Nyimbo yotsegulira, Datura's Crimson Veils, imatenga mphindi zoposa 10 ikuchita zomwezo. Wofulumira saphulapo kanthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Funso loyenera ndi lomwe mumafunsa inu kwa opikulitsa m'mawa uliwonse: kodi katundu wa lero ndi wabwino? Za chaka chatha zinapita. Ine ndikuti ndi wabwino, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Anthu awiri okha alibe pobisala. Kuyimba ng'oma mothamanga kumakwirira zolakwa, koma ukamamenya kamodzi n'kudikira, kumenyanso n'kudikira, ukangophonya aliyense amva. Davies saphonya. Gitala ya Carlson nayo amaisiya kuti ilire mpaka ithere yokha asanakhudzenso nsambo. Uku n'kuika katundu pa sikelo kasitomala akuona, popanda pepala lokutira, popanda chala chokankhira.

Sindikuti chilibe banga. Ola lathunthu la liwiro limodzi ndi lalitali, ndipo chakumapeto munthu amatha kusokoneza nyimbo ina ndi inzake. Akanachotsapo ziwiri palibe akanalira. Komabe wogulitsa amene wakupyolezera muyeso sungamutche wakuba.

Amati tsabola wakale sawawa. Mwambiwu ngwabwino kuopsezera akuluakulu odzimva, koma usakhale chifukwa chokanira kulawa. Tsabola wina akauma ndiye amalusa. Wina amangotsala khungu lofiira, anthu n'kumamugulabe chifukwa cha ulemu. Kusiyanitsa kwake n'kuika pa lilime, ndipo imeneyi ndiyo ntchito imene olemba ndemanga amalandirira malipiro.

Kwa inu amene mwakhala pa benchi imodzi zaka 20 kapena 30, funso ndi lomweli. Anthu akubwera chifukwa cha katundu wa lero, kapena akungolemekeza dzina? Dzina limatha ngati kandulo. Carlson anasankha kutsitsa zonse n'kuyezedwa poyera ali ndi imvi. Ndi angati mwa ife angalimbe mtima choncho?

Tionana sabata ya mawa, Mulungu akalola. Malonda abwino.