Chitukuko Chosakazinga Mbeu

Mwezi uno tiyeni tilingalire za Aashaninka, mtundu wa anthu okhala m'nkhalango yaikulu ya Amazon, m'maiko a Peru ndi Brazil. Kodi iwo amaika chiyani patsogolo pofuna chitukuko?

Choyamba ndi malo. M'zaka za m'ma 1980 ocheka matabwa adalowerera dera la mtsinje wa Amônia ku Brazil, nagwetsa mitengo ikuluikulu yonga mbawa. Eni nthaka sadagone tulo kufikira boma lidalemba malire ao mu 1992. Malo atatetezeka, anthu a m'mudzi wa Apiwtxa adalimbika kubzala mitengo ya zipatso ndi ya matabwa, kuweta nsomba ndi njuchi, ndi kuphunzitsa ana m'chinenero chao.

Ku Peru nako, Mai Ruth Buendía adatsogolera anthu ao kukana damu la Pakitzapango limene likadamiza midzi ya m'mbali mwa mtsinje wa Ene. Koma nkhondoyi njowawa: mu 2014 Bambo Edwin Chota ndi anzao atatu adaphedwa chifukwa chotsutsa akuba mitengo.

Tiphunzirepo kuti chitukuko chomaliza nkhalango chili ngati kukazinga mbeu: lero tikhuta, mawa ana agona ndi njala.