Chakale n'chabwino, koma wogula afunse

Mvula ikayandikira, nkhani ya ku Meluluca imakhala imodzi: denga. Usipa wagulitsidwa, kandalama kapezeka, ndipo banja lililonse likufuna kuti ana agone pansi pa malata. Koma malata atsopano, simenti ndi misomali zimachokera kutali. Zimayamba zafika ku Lichinga, n'kutsika mapiri mpaka ku Metangula, kenaka n'kutsata gombe kudzafika kumudzi. Paliponse pamene katundu watsitsidwa ndi kukwezedwanso, mtengo nawo umakwera.

N'chifukwa chake ambiri amapita kwa ogulitsa zakale m'misika: malata ogwirapo ntchito, zitseko, mafelemu, matabwa ndi migolo. Tsamba lino likuti pamenepa palibe manyazi. Nkhondo itatha ndi pangano la ku Roma la pa 4 Okutobala 1992, anthu obwerera kuchokera ku Malawi adamanganso midzi ndi zimene adanyamula komanso zimene adatola m'mabwinja. Msomali wopindika unkawongoledwa pamwala. Luso limenelo silidafe. Tayala lakutha limasanduka nkhwayira, chitini chimasanduka koloboyi, ndipo patapata woduka amayandamitsa ukonde.

Komabe akuluakulu adati safunsa adadya phula. Wogula zakale asatulutse ndalama asanafunse mafunso atatu.

Loyamba: katunduyu wachokera kuti? Malata amene munthu akugulitsa usiku, pamtengo wozizira, mwina asasulidwa pasukulu, pachipatala, patchalitchi kapena pamzikiti. Wogula malata otere amafolera nyumba yake pamene mwana wake yemwe akunyowa m'kalasi. Mbava siingabe lata ngati palibe woligula, ndipo apolisi akabwera, katundu amapita, ndalama osabwerera.

Lachiwiri: kodi katunduyu akadali ndi moyo? Lata alikweze kudzuwa, aone mabowo. Mabowo a misomali amamatika ndi phula, koma dzimbiri limene ladya m'mphepete lilibe mankhwala. Thabwa alibaye ndi mpeni, chifukwa chiswe chimadya m'kati n'kusiya khungu lokongola. Denga la kunyanja limalimbana ndi mwera, ndipo lata lofumbwa silipirira nyengo ziwiri. Kugula kawiri si kupulumutsa ndalama.

Lachitatu ndilo lalikulu: kodi mulibe poizoni? Madenga akale otuwa aja, amene anthu amawatcha lusalite, ambiri adapangidwa ndi simenti yosakaniza ndi amianto. Boma la Mozambique lidaletsa amianto m'chaka cha 2010. Fumbi lake likalowa m'mapapo silituluka, ndipo matenda ake, kuphatikizapo khansa, amaonekera patapita zaka 20 kapena kuposerapo. Amene ali ndi denga lotere asalicheke, asaliboole, asaliphwanye, ndipo asapatse ana zidutswa zake kuti aziseweretsa. Amene alibe asagule, ngakhale mtengo utatsika chotani. Chimodzimodzinso mgolo kapena chigubu chimene mudali mankhwala a mbewu: kutsuka sikuchotsa poizoni yense, choncho musalowe madzi akumwa kapena ufa.

Palinso chakale china chimene sichiyenera kupatsidwa ntchito yatsopano: neti ya udzudzu. Ikalowa m'nyanja imakokolola ndi tiana ta nsomba tomwe. Mbali ya Mozambique ya nyanjayi idakhala malo otetezedwa m'chaka cha 2011, ndipo usipa umene umagula malata a lero ndi womwewo udzagule a mawa.

Mafumu a ku Meluluca ndi akuluakulu a boma la Lago ali ndi mbali yawo. Wogulitsa malata kapena zitseko zakale azionetsa mboni kapena kalata yonena kumene wazitenga. Aphunzitsi ndi azaumoyo afotokozere anthu za lusalite pamisonkhano ya m'mudzi. Zikatero, wosauka adzamanga motsika mtengo, sukulu idzakhalabe ndi denga lake, ndipo nyumba yomangidwa ndi zakale siidzadwalitsa eni ake.