Raimu Yanuyo Ikhale Konko

Anzanga a m'gulu lino, ndi inu aphunzitsi athu amene mumakhala kumbuyo n'kumagwedeza mitu, ndapempha malo m'magazini ino kuti ndiyankhe mlandu umene ndinalephera kuuyankha pamaso panu. Mukumbukira tsiku lija ndinabwera ndi nyimbo yanga pa pepala, gitala nditasiya ku chipinda chifukwa munati pano timawerenga, sitiimba. Nditatha kuwerenga, mnzathu wina amene sindimutchula anaimirira nati, "Maganizo ndi abwino ndithu, koma mizere yake siikufanana kumathero. Mulibe raimu." Ambiri munavomereza. Ine mwana wa ku Jenala, amene ndinali ndisanathe ngakhale chaka pa sukulu ino, ndinapinda pepala langa n'kukhala pansi ngati nkhuku yovumbwa ndi mvula. Lero ndabwera kudzanena kuti munandisokeretsa, ndipo ine ndinapusa kukumverani.

Nyimboyo inali yonena za madzi. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa chimvula chosalekeza m'chigawo cha kumwera, ndipo anthu oposa 600 anafa m'dziko muno. Kwathu ku Phalombe akuluakulu anakumbuka napolo wa mu Malichi 1991, uja anatsika m'phiri la Michesi. Ife a ku Jenala tili kuchigwa, kumene madzi ochokera ku mapiri amadzera popita ku nyanja ya Chilwa, tsono chimanga chathu chinagona m'matope chitatsala pang'ono kukhwima. Nkhani ya m'kamwa mwa aliyense inali yakuti tisamuke, tikafune malo okwera. Azakhali anga, atakhala pa chitsa pafupi ndi pamene panali nkhokwe yao, anayankha ndi mau awiri okha: "Timakhala pano." Nyimbo yanga inabadwira pa mau amenewo, ndipo chuni chake ndinachitenga m'mene iwo anawanenera.

Nditachoka pamaso panu ndinakhala usiku wonse kusaka mau othera ndi "ano" kuti agwirizane ndi "pano". Ndinapeza pangano, mkangano, mwano ndi msonkhano, ndipo onsewa ndinawakankhira m'nyimbo ngakhale kuti panalibe anawaitana. Kenaka ndinatenga ndalama ya ndiwo ya mwezi wathunthu kupita ku situdiyo ina ku Limbe, kumene anandigulitsa biti yopangiratu pa kompyuta, ine n'kupinda mau anga kuti alowe m'menemo. Pa holide ndinapita kumudzi modzitama, ndi kuwaikira azakhali nyimboyo pa foni. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anandiyang'ana nati, "Iwe mwana wa achimwene, ife tinasamuka liti?" Ndisanayankhe anaonjeza kuti, "Nanga msonkhano ukuutchulawo ndi wa chipani chiti?"

Ndifotokoze chimene chinachitika, pakuti apa ndiye pagona nkhani. Chichewa chimasiyanitsa matanthauzo pokweza ndi kutsitsa mau. Mtengo wa mango ndi mtengo wa shuga ku golosale timalemba chimodzimodzi, koma palibe mwana amene amasokoneza ziwirizi pakumva. Chomwechonso ndi "timakhala". Mukayamba mokweza pa "ti", mukunena kuti pano ndi pathu mpaka lero. Mukayamba motsitsa, mukunena kuti tinali kukhala pano, tsopano ndi bwinja. Chuni chimene ndinagula ku Limbe chimayamba pansi n'kumakwera. Chotero nyimbo imene ndinaipeka kuti ikane kusamuka inasanduka nyimbo yotsanzika. Ndinawasamutsa azakhali anga ndi pakamwa panga, ndiponso ndinalipira ndalama kuti nditero. Pa pepala cholakwa chimenechi sichioneka, n'chifukwa chake inu owerenga nyimbo ndi maso simukanachigwira.

Tsono tiyeni tiiunike raimu mumaitamayo. M'Chingerezi mau amathera m'njira zambirimbiri, kotero wolemba akapeza awiri ogwirizana wagwiradi ntchito. M'Chichewa liwu lililonse limathera ndi a, e, i, o kapena u, ndipo aneni ambiri amathera ndi a. Kudya, kugona, kulira, kukonda, kufa: kodi pamenepa pali luso lanji? Ndiko kuwedza matemba m'mbale. Mverani nyimbo zambiri za anyamata anzanga pa wailesi, mumva mtima ukuthamangitsana ndi nsima, chikondi ndi phindu lake zitathawa kalekale. Woimba akanena liwu chifukwa chakuti likumveka ngati linzake, ndiye kuti analibe chonena pa mzere umenewo.

Musaganize kuti chinenero chathu chilibe zokometsera zake. Chili nazo, koma zimakhala kumayambiriro kwa mau, kumene inu simuyang'anako. Nenani mokweza kuti "chimanga changa chija chagona", mumve m'mene "ch" akudzibwerezera yekha popanda womukakamiza. Tili ndi mvekero: madzi akafika mudzi wonse n'kungoti psiti, simufunanso mizere inayi yofotokoza. Tili ndi kutsogolera ndi kuyankha, kumene woimba amasiyira anthu malo oti alowepo, monga zimachitikira pa gule wa tchopa wa ife Alomwe, amene bungwe la UNESCO linamuika pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse mu 2014. Tili ndi kuzungulira nkhani. Mayi wa pamtondo satchula dzina la mwamuna wake kapena la apongozi, amangoimba za tambala wosagona m'khola, koma mudzi wonse umadziwa amene akunenedwa, ndipo palibe angamutengere ku bwalo. Olemba a m'dziko muno anapulumukira njira yomweyi m'masiku a lamulo lofufuza zolembedwa ndi zoimbidwa la 1968. Jack Mapanje amene mumakonda kumutchula pano sananyoze nyimbo za kumudzi: mu 1983 iye ndi Landeg White anatulutsa buku lathunthu la ndakatulo zapakamwa za mu Africa. Nanga ife adzukulu ake tatenga kuti mtima woyeza nyimbo ya ku Jenala ndi muyezo wa ku London?

Onani amene nyimbo zao zakhalitsa. Alan Namoko wa ku Thyolo anali wosaona, sanalembe mzere pa pepala, koma ndi banjo yake ndi gulu la Chimvu River Jazz Band anasiya nyimbo zimene zikuimbidwabe chimwalirireni iye mu 1995. Daniel Kachamba wa kwa Singano ku Chileka, amene anamwalira mu 1987, anachititsa katswiri wa ku Vienna, Gerhard Kubik, kubwera mobwerezabwereza kudzaphunzira maimbidwe a banja lao. Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu, wobadwa mu 1930, anaona nyimbo yake ya "Linny Hoo" ikufalikira dziko lonse pa TikTok atapitirira zaka 90, ataiimbanso ndi Patience Namadingo mu 2020. Ndipo Joe Gwaladi wa kwathu ku Phalombe mumamuseka pano masana, koma usiku m'zipinda mwanu mumaimba mizere yake osaphonya liwu. Chinsinsi chao ndi chimodzi. Mukachotsa zing'wenyeng'wenye, chotsala chimamveka ngati munthu akulankhula nanu pa msika. Chuni chimatsata mau ngati mwana wa mbuzi atsata make.

Ndikudziwa zimene muyankhe. Munena kuti nyimbo za m'tchalitchi zinabwera ndi machuni a ku Scotland, zimapotoza mau, komabe timazimva. Zoona, koma timazimva chifukwa buku lili m'manja, ndipo agogo athu anayamba kuziimba ife tisanabadwe. Nyimbo ya mnyamata wosadziwika ilibe mwayi umenewo: imamveka kamodzi m'minibasi, ikaphonya yaphonya. Munenanso kuti alipo anyamata oimba rapu amene raimu imawakhala. Alipo ndithu, ndipo ena ndimawasirira. Koma mvetsetsani bwino abwinowo, muona kuti raimu imabwera pambuyo pa ganizo, ndipo mzere ukanakhalabe ndi mphamvu ngakhale itachotsedwa. Sindikuti raimu ndi tchimo. Ndikukana kuti ikhale chiphaso cholowera m'gulu lino, ndi kuti mwana wachilendo abwezedwe nayo pakhomo monga munandibwezera ine.

Kwa anzanga amene mukuyamba kumene kupeka nyimbo, landirani chimene ndinagula ndi ndalama yanga ya ndiwo. Musanagwire gitala, nenani mzere wanu pakamwa katatu monga mungauzire mnansi wanu. Mverani pamene mau akukwera ndi pamene akutsika, chuni chanu chidzere momwemo. Liwu lililonse limene simungathe kunena chifukwa chake lili pamenepo, lichotseni, ngakhale likhale lokoma chotani. Biti ipangidwe potsata nyimbo, ndipo wa situdiyo akakana, tulukani ndi ndalama yanu. Pomaliza kaimbireni munthu wa kwanu amene sakuopani.

Kwa inu a m'gulu lino ndili ndi mapempho awiri. Loyamba, nyimbo isaweruzidwenso pano isanaimbidwe. Woipeka abwere ndi gitala, banjo, ng'oma, ngakhale manja ake okha. Lachiwiri, pa mwezi kamodzi tiziika mapepala pansi ndi kuweruza ndi makutu. Amene akuona kuti ndalakwa andiyankhe m'magazini ikubwerayi, koma ayambe wandiuza kusiyana kwa "ndimakukonda" ndi "ndimakukonda", pakuti ena mwa inu mwina munathetsa kale zibwenzi zanu pa siteji osadziwa.

Nyimbo ija ndinaibweza mwakale. Pangano, mkangano, mwano ndi msonkhano ndinazichotsa zonse, biti ya ku Limbe ndinaifufuta m'foni. Azakhali anaimvanso ndikuwaimbira pakhonde, ndipo pofika kachiwiri pa mzere wao uja anayankha okha osauzidwa. Pa msonkhano wathu ukubwerawu ndibwera ndi gitala, ndipo pepala ndilisiya ku chipinda.