ATSIKANA OPEKA NYIMBO ADYE THUKUTA LAO

Ali yense amene wayenda pa basi mu mseu waukulu wa kum'mawa, kucokera ku Lusaka kudzera pa mlatho wa Luangwa, pa Nyimba, Petauke, Sinda ndi Katete kufikira ku Chipata, wadzimvera yekha cimene cikucitika m'maimbidwe a dziko lino. Pakati pa nyimbo zimene woyendetsa amatsegulira anthu a paulendo, liu la mtsikana silisowanso. Nyimbozo ndi zazifupi, za mphindi zitatu kapena kucepera apo, ng'oma yake ndi yothamanga, ndipo mau ena amabwerezedwa-bwerezedwa kufikira ngakhale mwana wosayamba sukulu awaloweza. Sabata isanathe nyimbo yomweyo imakhala itafika pa cigayo, pa citsime ndi pa bwalo la mpira m'midzi yakutali ndi mseu.

Maina monga Wezi, Towela Kaira, Xaven ndi Mwanjé amveka kwambiri m'zaka zaposacedwapa, ndipo pambuyo pao pali atsikana ena ambiri amene akuturutsa nyimbo imodzi-imodzi, kuyembekeza kuti ina idzagwira mitima ya anthu. Cinthu cacikulu pa atsikanawa ndi cakuti ambiri a iwo amapeka okha mau ndi maimbidwe. Saima kumbuyo kwa mwamuna kumangobvomereza kapena kumangobvina monga zinali kucitikira m'magulu ambiri akale. Ici ndi coyenera kuyamikiridwa, koma cabweretsanso funso limene anthu a kumidzi, amene ndiwo makolo a atsikana otere ndiponso omvera nyimbo zao, ayenera kuliganizira mofatsa: nyimbo ikachuka, phindu lake limapita kwa yani?

Pali akulu-akulu ena amene amaona kuti nkhani yonseyi ndi yacibwana. Iwo amati nyimbo za makono ndi phokoso cabe, ndi kuti mtsikana woleredwa bwino sangadzionetse pa maso pa anthu ndi kumaimba za cikondi. Akulu amenewa aiwala kuti mkazi wa Cicewa, wa Cinsenga, wa Cingoni ndi wa Citumbuka wakhala wopeka nyimbo kuyambira kale lomwe. Pa mtondo ndipo panali bwalo lake. Mkazi amene mwamuna wake anali kumwera mowa ndalama za thonje, kapena amene anasiyidwa ndi ana mwamuna atapita ku migodi ya ku Joni kapena ku mapulazi a ku Southern Rhodesia, sanali kupita kwa mfumu tsiku liri lonse. Anali kuika dandaulo lake m'nyimbo, munsi ukugunda, ndipo mudzi wonse unali kumva, ndi wolakwayo yemwe. Nyimbo za cimtali ndi za citelele, zimene ziri zofulumira ndi zosangalatsa monga izi za lero, anali kupeka ndi akazi, ndipo zambiri zinali kunena za cikondi, za nsanje ndi za mitala mosabisa. Cigayo cinalanda mtondo nchito yake, koma luso lija silinafe. Mtsikana amene lero akuimbira pa foni ndi mdzukulu wa agogo amene anali kuimbira pa mtondo.

Komabe dandaulo la akuluwa liri ndi mbali yake yoona. Makolo anali kudziwa kusiyanitsa nyimbo ya pa bwalo ndi nyimbo ya ku tsimba. Mau amene anamkungwi anali kunena kwa namwali m'nyumba yotseka sanali kuturuka kunja kuti apongozi ndi ana awamvere pamodzi. Lero zina mwa nyimbo zatsopano, za amuna ndi za akazi zomwe, zimaika mau otere pa basi pamene pakhala mkamwini ndi apongozi ake pa mpando umodzi. Wopeka waluso amadziwa kuphiphiritsa, ndipo Cinyanja ciri ndi miyambi ndi zining'a zokwanira nchito imeneyo. Amene amaulutsa nyimbo pa wailesi nawonso ali ndi makutu, ndipo angathe kusankha zoyenera masana ndi zoyenera usiku. Koma kulakwa kwa nyimbo zocepa si cifukwa cotsekera pakamwa atsikana onse.

Njira imene atsikanawa akuyendamo inalambulidwa mobvutikira. Pakati pa zaka za m'ma 1970 Mtsogoleri woyamba wa dziko lino, Dr Kenneth Kaunda, analamula kuti nyimbo 95 pa nyimbo 100 ziri zonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za m'Zambia. Lamulo limenelo linapatsa nchito magulu ambiri, ndipo kampani ya Teal ku Ndola inali kudinda marekodi ao. Koma oimba ochuka a nthawi imeneyo pafupi-fupi onse anali amuna. Violet Kafula, amene anaimba ndi gulu la Crossbones, anali mmodzi wa akazi owerengeka amene anaima kutsogolo. Dorothy Masuka, wobadwira ku Bulawayo mu 1935 kwa atate a ku Zambia, amene anakhala kuno zaka zambiri pothawa ulamuliro wa atsamunda kum'mwera, anali atasonyeza kale kuti mkazi angathe kupeka nyimbo zimene oimba akulu monga Miriam Makeba anaziimba. M'zaka za m'ma 1980 kunamveka Anna Mwale ndi Joyce Nyirongo. Pambuyo pake kunadza Maureen Lilanda, Angela Nyirenda, Mampi, ndi Lily Tembo amene anamwalira mu 2009 ali ndi zaka 27 zokha. Uli wonse wa mibadwo imeneyi unapeza khomo lotseguka pang'ono kuposa mbadwo wapambuyo pake.

Tsono bvuto la lero liri pa umwini. Nyimbo ya makono sifunanso gulu la anthu asanu ndi magitala. Mtsikana amapita ndi mau ake ndi maimbidwe ake kwa mnyamata amene ali ndi kompyuta ndi coimbira m'kacipinda, mnyamatayo naikamo ng'oma ndi zoimbira zina, ndipo tsiku limodzi kapena awiri nyimbo yatha. Kawiri-kawiri sipakhala pepala liri lonse lolembedwa. Onse ali okondwa, ndipo palibe amene afuna kuononga cibwenzi ndi nkhani ya ndalama zimene sizinaoneke. Nyimbo ikangochuka, kampani ina ikaifuna kuti ilengezere malonda ake, pamenepo ndipo mkangano umabuka, ndipo amene ali ndi nyimboyo m'kompyuta yake ndiye amakhala ndi mphamvu. Akale anati wopusa anaomba ng'oma, wocenjera nabvina.

Ciri cofunika kuti makolo ndi ana ao amvetse kuti m'nyimbo imodzi muli cuma ca mitundu iwiri. Coyamba ndi nyimbo yeni-yeniyo, ndiko kuti mau ndi maimbidwe, ndipo mwini wake ndi wopeka. Caciwiri ndi cojambulidwa cija cimene anthu amamva pa foni kapena pa wailesi, ndipo umwini wake umatsata amene anakonza ndi kulipirira kujambulako, kapena monga momwe pangano lanenera. Munthu angathe kugulitsa cimodzi nasunga cinzake, monga momwe mlimi angagulitsire cimanga ca caka cino osagulitsa munda. Lamulo la dziko lino la mu 1994, lochedwa Copyright and Performance Rights Act, limateteza wopeka moyo wake wonse ndi zaka zina 50 atamwalira, kotero kuti nyimbo ndi cuma ca masiye monga ng'ombe kapena nyumba. Bungwe la ZAMCOPS ndilo limasonkhetsa ndalama kwa a mawailesi, a mahotela, a malo omwera ndi ena amene amaseweretsa nyimbo pa malonda ao, nkuzigawira eni nyimbo. Koma bungwelo silingapatse ndalama munthu amene sanalembetse dzina lake ndi nyimbo zake. Mtsikana amene nyimbo yake yamveka dziko lonse, koma m'mabuku mwalembedwa dzina la wina, alibe pogwira.

Zimene zimacitika munthu akataya umwini zinaoneka ku South Africa. Solomon Linda anajambulitsa nyimbo yake yochedwa Mbube mu 1939, nalandira ndalama zocepa kwambiri kwa kampani ya marekodi. Nyimboyo inaoloka nyanja, inasinthidwa dzina, nilemeretsa anthu ambiri ku America, pamene mwini wake anamwalira wosauka mu 1962. Ana ake akazi anadikira kufikira 2006 kuti mlandu uthe ndi kuti ayambe kulandira gawo lao. Linda anali mwamuna wamkulu wokhala m'tauni. Nanga kuli bwanji mtsikana wa zaka 19 amene wangotsika basi kucokera ku Chadiza kapena ku Lundazi, wosadziwa munthu mu Lusaka, atapatsidwa pepala la Cingerezi ca maloya kuti asaine msanga?

Palinso cina cimene anthu amacita manyazi kucichula. Mtsikana wopanda ndalama yolipirira kujambula nthawi zina amauzidwa kuti pali njira yina yolipirira, ndipo mau omwewo angathe kuwamvanso kwa wokonza madansi kapena kwa wina amene walonjeza kumuika pa wailesi. Amene amacita zotere akuphwanya lamulo, ndipo malo ao ndi ku polisi. Koma kholo limene limakaniza mwana wake kuimba poopa zimenezi kawiri-kawiri limangomkankhira m'manja mwa anthu omwewo, pakuti mwanayo amapita ndithu, koma mobisa ndi yekha. Kuli bwino kuti amai ake, azakhali ake kapena mlongo wake amperekeze, aone malowo, adziwane ndi mwini situdiyo, ndipo pepala liri lonse lisasainidwe tsiku lomwelo. Lipite kwa mphunzitsi kapena kwa munthu wina wodziwa kuwerenga mapangano, ndipo lichule poyera amene anapeka mau, amene anapeka maimbidwe, ndi gawo la ali yense.

Omvera a kumidzi nawonso ali ndi mbali yao pa mlanduwu, ngakhale ambiri sadziwa. Pa misika ya m'maboma pali anyamata amene amadzaza nyimbo mazana-mazana m'kakhadi ka m'foni pa mtengo wocepa, ndipo nyimbo zina zimangodumpha kucoka m'foni kupita m'foni inzake. Pa ndalama imene yaperekedwa pa msikapo, woimba salandirapo ngakhale ngwee imodzi. Zoona, anyamatawo akufuna-funa ya ndiwo, ndipo kumudzi intaneti ndi yodula ndi yobvuta kupeza, kotero kuti kuuza mlimi kuti azimvera nyimbo pa Spotify, imene inafika m'dziko lino mu 2021, kapena pa Boomplay, ndi kulankhula za kumwamba. Ngakhale kumeneko malipiro a kumvera kumodzi ndi ocepa kwambiri, ndipo woimba amafunika omvera zikwi zambiri-mbiri kuti aone kanthu. Ndalama yeni-yeni ya woimba wa m'Zambia imacokera ku madansi, ku maukwati ndi ku misonkhano. Cifukwa cake woimba wamkazi akabwera ku Petauke kapena ku Katete, kulipira pa khomo m'malo molowera pa mpanda ndiko kumthokoza kumene kumamfika m'manja. Ndipo mawailesi a m'zigawo, monga Breeze FM ku Chipata ndi Radio Chikaya ku Lundazi, amene anthu a kumidzi amawakhulupirira, angathandize kwambiri pochula dzina la wopeka nthawi iri yonse pamene aulutsa nyimbo, ndi posunga mndandanda wa nyimbo zoulutsidwa kuti ogawa ndalama adziwe oyenera kulandira.

Kuti nyimbo imodzi ya mtsikana ingathe kufika kutali, palibenso wokayika. Tyla wa ku Johannesburg anaturutsa nyimbo yochedwa Water mu 2023, ndipo mu February 2024, ali ndi zaka 22, analandira mphotho ya Grammy ku America. Kwao kuno kuli citsanzo ca Sampa Tembo, wodziwika ndi dzina lakuti Sampa the Great, wobadwira ku Ndola mu 1993, amene anakulira ku Botswana nachukira ku Australia, kumene analandira kawiri mphotho ya Australian Music Prize. Atabwerera kwao anajambula cimbale cake ca mu 2022 ndi oimba a m'Zambia, natenga maimbidwe a Zamrock ndi kalindula amene acinyamata ena anali kuwayesa acikale. Anthu akunja anatcera khutu cifukwa anamva cinthu cimene kwao kulibe. Mtsikana wa kum'mawa amene amayesa kuti adzachuka potengera kaimbidwe ka ku Lagos kapena ka ku Johannesburg akupikisana ndi eni ake, pamene ng'oma ya cimtali, ya vimbuza ndi ya ngoma iri pakhomo pake, ndipo Cinyanja cimamveka ku Lusaka, ku Malawi konse, ku Tete ndi m'makomboni ena a ku Zimbabwe.

Cotsalira ndi malo ophunzirira ndi zipangizo. Atsikana ambiri a luso amayambira m'makwaya a ku chalichi ndi a ku sukulu, koma akamaliza sukulu luso limathera pomwepo cifukwa cosowa kojambulira pafupi. Mu 2022 Boma linakweza ndalama za citukuko za CDF kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera liri lonse la phungu wa Nyumba ya Malamulo, ndipo gawo lina la ndalamazo linaikidwa kuti lithandize magulu a amai ndi a acinyamata ndi kulipirira maphunziro a nchito za manja. Makomiti a citukuko a m'mawadi anazolowera kulandira mapempho a nkhuku, a mbuzi ndi a makina osokera. Gulu la atsikana limene lalembetsa bwino, nkupempha kompyuta, coimbira ndi magetsi a dzuwa kuti lizijambula nyimbo zao ndi za makwaya a m'deralo pa malipiro, liyenera kumvedwa mofanana ndi a nkhuku aja. Bungwe la National Arts Council ndi la ZAMCOPS, amene maofesi ao akulu ali ku Lusaka, ayenera kumafika ku miyambo ya Nc'wala ku Mtenguleni ndi Kulamba ku Mkaika, kumene anthu a kum'mawa amasonkhana caka ndi caka, atanyamula mapepala olembetsera ndi munthu wodziwa kuwafotokoza m'Cinyanja.