Amuna anzanga, singano siluma

Atandichita opaleshoni ya pamimba, adokotala anandiuza mosabisa mawu: masabata 6 osanyamula cholemera, osakwera njinga. Kwa ine wogulitsa chimanga ku Chileka, amene thumba la makilogalamu 50 ndi ndiwo ya tsiku ndi tsiku, mawuwo anali ngati andilamula kukhala kundende.

Ndinapita kukachirira kwa azakhali ku Lirangwe. Pofika tsiku lachisanu, kumva malole akudutsa pa M1 kulowera ku Zalewa, mtima unayamba kuwerenga makasitomala amene anzanga akundilanda. Azakhali ataona kuti ndikufunafuna nsapato, anandiponyera malaya ong'ambika, singano ndi ulusi. "Mwanangu, ngati manjawo akukuyabwa, ika chigamba apa."

Ndinaseka. Kenako kulowetsa ulusi pa diso la singano kunanditengera nthawi yophikira nsima. Chigamba choyamba chinakwinyika ngati nkhope ya munthu wodya bwemba, ndipo azakhali anachisomola chonse popanda chisoni. Sabata lachitatu ndinali nditadziwa kupinda mpendero wa chitenje ndi kuika mabatani oti sathothoka.

Anzanga obwera kudzandizonda ndiwo anandidabwitsa. "Achimwene, kodi kuchipatalako anachotsanso china?" Zoona abale? Amene anandisoka pamimba ndi mwamuna. Matelala ambiri okhala pakhonde ku Lunzu ndi ku Limbe ndi amuna. Singano ikakhala pa makina a Singer ndi ntchito yolemekezeka, ikakhala m'manja ati ndi ya amayi. Maganizo amenewa tinawatola kusukulu nthawi ya Kamuzu, pamene atsikana ankapita kukaphunzira zosoka ife tikusema mipini pansi pa mtengo.

Komatu nkhani yaikulu ndi bala. Wogulitsa malonda alibe tchuthi cholipidwa, choncho amathamangira kumsika msanga, n'kunyamula thumba mkati musanapole. Bala likaphulika, ndalama zomwe amaziteteza zija zimathera pa thiransipoti ndi mankhwala, banja n'kugona ndi njala miyezi. Chimene chimamuthamangitsa kawirikawiri ndi kungokhala manja lende, osati njala yokha ayi. Ine singano ndiyo inandikhazika pampando mpaka masiku atakwana.

Inu ophunzira amene mumataya buluku la pakaunjika chifukwa cha msoko umodzi, nanunso mundimve. Ine ndabwerera kumsika tsopano, ndipo matumba anga obooka ndimasoka ndekha, anzanga aja ali pamzere kudikira kuti ndiwasokere awo.